Malo Amodzi, Aphunzitsi Awiri a Chifalansa

Pakati pa zaka za m'ma 1980: ku Mwase

Ana anga, za ubwana wanga munazimva kale kwa amalume anu, choncho ndiyambira pa ntchito. Nditamaliza kosi ya uphunzitsi, boma linanditumiza pa sukulu ina ya sekondale m'dera la Mwase, kwathu konkuno ku Lundazi, kuti ndikaphunzitse Chifalansa. Ndinafika pa lole yonyamula feteleza, ndili ndi sutikesi, mphasa ndi dikishonale yomwe mphunzitsi wanga wa ku koleji anandipatsa potsazikana. Ahedi a sukuluyo anali a Mtonga, munthu wamtali wosakonda kuseka. Atawerenga kalata yanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Monire, NyaZimba," anatero. "Ife tinapempha wa masamu, iwo atitumizila wa Chifalansa. Ana a alimi a fodya, Chifalansa azakamba na ndani? Na ng'ombe?"

"Ahedi, ine achita kundituma," ndinayankha. "Sindinadzitume ndekha."

Anandipatsa makalasi awiri a Chifalansa, nthawi yotsalayo anaidzaza ndi maphunziro a chipembedzo ndi kusoka. Mabuku a Chifalansa analipo ochepa, oti kalasi yonse inkaunjikana pa iwo ngati nkhuku pa madeya, ndipo masamba a kumapeto anali atadyedwa ndi chiswe. Zonse ndinkalemba pa bolodi. Choko chikatha tinkalembera chinangwa chouma, ndipo ana a kumbuyo ankadandaula kuti sakuona. Mu stolo munali wailesi ya kaseti yomwe alendo ena anasiya, koma mabatire panalibe wogula. Motero mawu a Chifalansa amene ana a ku Mwase ankawamva anali a m'kamwa mwanga basi. Ndikalakwitsa ine, ndiye kuti dera lonse lalakwitsa.

Tsiku lina ndinauza ana kuti aliyense anene chimene amakonda kuchita. Mtsikana wina anaimirira nafuna kunena kuti amakonda kuwerenga, koma chimene chinatuluka n'chakuti amakonda kuseka. M'Chifalansa kuwerenga ndi *lire*, kuseka ndi *rire*. Kwa ife a kuno, *l* ndi *r* ndi ana a mimba imodzi, wina akachoka mnzake amakhala pa mpando, ndipo palibe amadandaula. Ndinamubwezetsa kangapo, iye n'kumangonena zomwezo, mpaka misozi inalengeza. Kwa zaka zambiri ndinkakalipira ana pa zinthu zotere. Koma m'kupita kwa nthawi khutu langa linayamba kugwira kuti salakwitsa mwachisawawa. Ana olankhula Chitumbuka kunyumba ankapunthwa pena, ana a anthu ochokera ku Kasungu obwera kudzagwira ntchito m'minda ya fodya ankapunthwa pena. Onsewo sankalola kuti liwu lithere m'malere, ankalimata kamawu kumapeto kuti likhale pansi bwino. Sindinkadziwa kuti zimenezi ndi maphunziro. Ndinkangoti ndi mavuto a ntchito.

Ku Mwase komweko ndi kumene ndinakumana ndi bambo anu, a Ngoma, amene panthawiyo anali mlangizi wa zaulimi, woyenda pa njinga mudzi ndi mudzi. A Mtonga anayesa kawiri kuchotsa Chifalansa pa ndandanda ya maphunziro. Kawiri konseko ana anga anakhoza mayeso kuposa a masamu, ndipo nkhaniyo inazizira yokha. Pamene ndinkachoka anandigwira chanza n'kunena kuti, "Ndimwe ouma mutu, madamu." Kwa a Mtonga, kumeneko kunali kuyamikira.

Zaka za m'ma 1990 ndi 2000: pa boma

Anandisamutsira pa sukulu ina ya pa boma. Kumeneko ahedi anali Mayi Chirwa, munthu wamfupi wa mawu okuluwika, amene ankayenda ndi makiyi a sukulu yonse m'chiuno. Iwo sankadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chifalansa, koma ankati sukulu yopanda chilankhulo chachilendo ndi nyumba yopanda zenera. Anandipatsa chipinda changachanga chophunzitsiramo. Ndiwonso anandikakamiza kuti ndikweze maphunziro, ndipo ndinachita digiri yoyamba mophunzira ndili pa ntchito, n'kumapita ku Lusaka pa holide. Inu mukukumbukira bwino maholide amenewo chifukwa munkadya zophika bambo anu.

Pa sukulu imeneyi ndi pamene ndinalandira Mercy Nkhoma. Makolo ake anali a ku Kasungu, ogwira ntchito pa munda wa fodya wa munthu wina. Mercy anali mwana wachete, wokhala pakona, koma khutu lake linali lachilendo. Ndikanena chiganizo kamodzi, iye ankachibweza ndi kamvekedwe kake komwe. Atafika Giredi 12 makolo ake anabwerera kwawo, ndipo ine ndi bambo anu tinamutenga kuti amalize sukulu ali pakhomo pathu. Ankagona ndi iwe Tamara, ndipo nonse munkamuti asisi. Buku lililonse la Chifalansa limene linali m'nyumba analiwerenga, ena mpaka kawiri. Anakhoza, anapita ku koleji, kenako ku yunivesite, n'kubwerera kuno ali mphunzitsi wa Chifalansa. Anamutumiza pa sukulu ina yatsopano cha ku Kapichila. Pamenepo m'dera lathu lonse aphunzitsi a Chifalansa amene ndinkawadziwa tinali awiri: ine ndi mwana wa m'kalasi mwanga.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010: kufunsira koyamba

Ndinali nditakwanitsa zaka makumi asanu pamene ku ofesi ya maphunziro kunabwera chidziwitso. Bungwe lina la kunja linkapereka mwayi kwa aphunzitsi a Chifalansa kuti akachite digiri yachiwiri ku France, zaka ziwiri, zonse zolipiridwa. Chigawo chathu chinkapatsidwa malo amodzi pa chaka. Munthu ankasankha pakati pa mbali ziwiri: ya zolembalemba, ndiye kuti kuphunzira mabuku a nthano, masewero ndi ndakatulo, kapena ya sayansi ya chilankhulo, yofufuza mmene mawu amapangidwira ndi mmene anthu amalankhulira. Ine sindinaganize kawiri. Kuyambira ku koleji mtima wanga unali pa ndakatulo.

Zofunika zinali zambiri. Ankafuna mbiri ya ntchito yanga, masatifiketi odindidwa, kalata yofotokoza chifukwa chimene ndikufunira maphunzirowo, ndondomeko ya kafukufuku amene ndikachite, umboni woti ndakhoza mayeso a Chifalansa olembedwa ku Lusaka, ndiponso makalata a anthu awiri ondichitira umboni. Apa ndi pamene ndinaona kuipa kwa kukalamba. Mwa aphunzitsi anga a ku yunivesite amene ankandidziwa bwino, mmodzi anali atamwalira, wina atabwerera kwawo ku Congo osasiya keyala. Ndinachita kukagogoda pa chitseko cha munthu amene anandiphunzitsa temu imodzi yokha, ndipo anayamba wandifunsa dzina kawiri. Kalata inayo anandilembera Mayi Chirwa, omwe anali atapuma kale.

Zonsezo zinkayenera kutumizidwa pa intaneti. Pa boma panali kashopu kena ka makompyuta pafupi ndi msika, ndipo ndinakhala kasitomala wa tsiku ndi tsiku. Magetsi ankazima ndili pakati pa kulemba. Kompyuta ya m'shopumo inalibe timizere ta pamwamba pa zilembo za Chifalansa, choncho ndinkachita kukopera chilembo chimodzichimodzi. Chikalata china chinakana kupita mlungu wathunthu ati n'cholemera kwambiri, ine n'kumadabwa kuti pepala limodzi lingalemere bwanji. Ndondomeko yanga inali yokhudza alakatuli a ku France a zaka mazana apitawo. Ndinailemba ndi Chifalansa cha pa Sande, chodzaza ndi mawu akuluakulu, ndipo nditaiwerenga ndinadzigomera ndekha.

Yankho linabwera nthawi yokolola. Sananditenge, ngakhale ku mafunso sanandiitane. Mmodzi wa oweruzawo anachita chifundo n'kuwonjezera mizere ingapo. Anati Chifalansa changa n'chabwino, koma zonse zimene ndalemba zinalembedwa kale ndi anthu okhala pafupi ndi malaibulale akuluakulu, ndipo sanaone chimene mphunzitsi wa zaka zambiri chonchi akubweretsa kuchokera kumene ali. Ndinakwiya. Ndinawawerengera bambo anu, n'kumawamasulira m'Chitumbuka, tili pakhonde tikusenda mtedza.

"Nanga akunama?" anafunsa.

"Inunso muli mbali yawo?"

"Ine ndilibe mbali. Koma NyaZimba, chikwatirane sindinakumvepo ukukamba za alakatuli amenewo. Chimene umabwera nacho kunyumba tsiku lililonse ndi malilime a ana. Uyu watere, uyu walephera chakuti. Ine mlimi wa ku Kapichila akandifunsa za mbewu, sindimuuza za tirigu."

Tsiku lonselo sindinawalankhule. Koma temu yotsatira ndinayamba kujambula mawu a ana pa foni, makolo awo ndi ahedi atavomera. Ndinkawapatsa mawu omwewo kuti awerenge, a Chitumbuka paokha, a Chinyanja cha m'tauni paokha, a Chichewa cha ku Kasungu paokha. Ndinabwereka mabuku a sayansi ya chilankhulo kwa mnzanga wa ku Chipata, ndipo ndinapeza kuti zinthu zimene ndinkakalipira ana zili ndi mayina ake. Ndondomeko yachiwiri inatuluka yaifupi, ya mawu wamba. Funso lake linali limodzi: mwana amene akudziwa kale zilankhulo ziwiri kapena zitatu za kuno, akamaphunzira Chifalansa amatsamira chiti, ndipo mphunzitsi angamuthandize bwanji m'malo momukalipira?

Chaka chotsatira: Mercy abwera

Loweruka lina, chidziwitso chatsopano chitangotuluka, Mercy anatsika minibasi atanyamula nkhuku ndi thumba la mbatata. Tinadya, tinacheza za sukulu yake, kenako anagwada pafupi ndi mpando wanga monga ankachitira ali mwana.

"Amayi, ndabwera ndi pempho. Ndikufunsira malo aja a ku France, mbali ya zolembalemba. Palibe amene amandidziwa kuposa inu. Mundilembere kalata ya umboni."

Chaka chathacho sindinauze anthu ambiri za kukanidwa kwanga, ndipo iye ankaganiza kuti ndinazisiya.

"Mercy, nanenso ndikufunsira."

Anandiyang'ana, kenako anaseka pang'ono poganiza kuti ndikucheza. Ataona nkhope yanga kusekako kunatha.

"Koma malo ndi amodzi, amayi."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ine ndisiye?"

"Ayi. Usasiye. Kalatayo ndilemba."

Anatsazika dzuwa likadali pamwamba, ngakhale anabwera ndi chikwama choti agone.

Nkhani za pa boma sizichedwa. Lachiwiri lake anandiitana a Mvula, mkulu wina wa ku ofesi ya maphunziro amene ankayenera kusaina mapepala a tchuthi cha maphunziro. Anali munthu waulemu, ndipo anayamba ndi kufunsa za fodya wa bambo anu.

"Madamu, tikambe monga akulu," anatero pambuyo pake. "Lamulo silikuletsani, ndiye nikakana kusaina nizalakwa. Koma onani. Imwe mwatsala zaka zing'ono kuti mupume. Mukabwelako muzaphunzitsa zingati? Uyu mwana ali na zaka zambili kutsogolo. Ni mwana wanu, munamulela mweka. Anthu azakamba bwanji?"

"A Mvula, mwamufunsa iyeyo ngati akufuna kuti ndimupatukire?"

"Sizofunika kumufunsa. Mayi amadziwa yekha."

Mawu amenewo anandilowa. Sanali a Mvula okha. Ku chigwirizano cha amayi kutchalitchi, mnzanga wina anandikokera pambali n'kunena kuti nkhuku siidya mazira ake. Mu stafu anthu ankasiya kulankhula ndikalowa. Ngakhale iwe Tamara unandiimbira foni uli ku Kitwe, n'kundifunsa kuti digiri ndikufuna ndikaitani pa msinkhu uwu. Sindikukudzudzula. Funsolo linali loona, ndipo nanenso ndinkadzifunsa.

Ndinaganiza kwa milungu ingapo. Zimene a Mvula ananena zinali zowerengeka bwino: boma likanapindula kwambiri ndi Mercy. Koma panalinso zina. Moyo wanga wonse ndinkadikira. Ndinadikira kuti inu mukule, ndinadikira kuti apongozi anga achire, ndinadikira kuti papezeke wina wondigwirira kalasi. Nthawi iliyonse panali chifukwa chabwino, ndipo nthawi iliyonse amene ankapatuka ndinali ine. Kwa Mercy kunali chaka chamawa ndi china. Kwa ine, malire a zaka amene bungwelo linaika ankandipeza chaka chomwecho. Ndiponso funso limene ndinalemba silinali la wina aliyense. Ndinalitola ndekha m'makalasi a fumbi, ndipo ndikanalisiya likanapita nane kumanda.

Ndinawafunsa bambo anu tili m'munda, tikuzula mtedza.

"Ukapatuka, udzamukonda mwanayo monga kale?" anandifunsa.

"Sindikudziwa."

"Ukapanda kupatuka, iye adzakukonda monga kale?"

"Sindikudziwanso."

"Ndiye kulikonse pali chotayika. Sankha chimene ungathe kusenza. Za pakhomo usadere nkhawa, ndinaphikapo kale."

Sindinapatuke. Chimene ndinadzilonjeza n'chakuti kalata ya Mercy ndiilemba ngati kuti ine sindikupikisana naye. Imeneyo inali ntchito yovuta kuposa ndondomeko yanga. Munthu amene walemba malipoti a ana kwa zaka zambiri amadziwa kuyamikira mozizira, kolemba mawu abwino koma osiya kampata koti wowerenga akayike. Ndinadzigwira kangapo ndikuchita zomwezo, n'kufufuta. Pomaliza ndinalemba zoona: kuti mwa ana onse amene ndinaphunzitsa palibe wofanana naye, kuti amawerenga mozama kuposa mmene ine ndinkawerengera pa msinkhu wake, ndiponso kuti anayambitsa Chifalansa pa sukulu yopanda buku ndi limodzi lomwe. Pansi pake ndinawonjezera kuti oweruza adziwe kuti wolemba kalatayi nayenso wafunsira malo omwewo.

Ku Lusaka

Tonse awiri anatiitana ku mafunso, pamodzi ndi bambo wina wa ku Petauke. Basi ya ku Lusaka inali imodzi, choncho tinakwera limodzi, mipando yoyandikana. Mpaka ku Chipata tinkangokamba za mseu ndi mitengo ya chimanga. Titadutsa Katete, Mercy anatulutsa mapepala ake n'kuyamba kuyeseza chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka. Ndinamva akupunthwa pa chiganizo china.

"Bwera nacho kuno," ndinatero.

Anazengereza, kenako anandipatsa. Kuyambira pamenepo mpaka pa mlatho wa Luangwa ndinkamufunsa mafunso m'Chifalansa, iye n'kumayankha, anthu m'basi n'kumatitembenukira. Kenako iye anatenga anga n'kundifunsanso. Anandipeza ndi funso limene sindinaliganizire, la chiwerengero cha ana amene ndinawajambula, ndipo tinakonza yankho limodzi. Pa maola amenewo tinali monga kale.

Oweruza anali atatu: mayi wachizungu, bambo wa ku Senegal ndi mphunzitsi wa yunivesite wa kuno kwathu. Anandifunsa za kafukufuku wanga, ndipo ndinawatsegulira foni kuti amve okha mawu a ana. Bambo wa ku Senegal anapempha kuti ndibwereze kawiri, n'kunena kuti ana a kwawo amapunthwa mosiyana. Tinakambirana mpaka ndinaiwala kuti ndili pa mafunso. Kenako mayi uja anakweza pepala, ndipo ndinazindikira kalata yanga.

"Madamu, mwalemba apa kuti mtsikana amene ali panjayo ndi wopambana mwa onse amene munaphunzitsa. Tikukhulupirira. Ndiye tikutengereninji inuyo?"

Ndinati, "Zimene ndalembazo ndi zoona, ndipo sindichotsapo liwu. Mukafuna wodziwa mabuku, tengani iyeyo, simudzanong'oneza bondo. Ine chimene ndabweretsa ndi zimene mwamva pa foniyi. Ndazimvetsera kuyambira iye asanayambe sukulu, ndipo sindikudziwa wina amene akuzifufuza. Kusankha ndi ntchito yanu. Ine sindikuchitirani."

Mayiyo analemba kenakake osandiyang'ana. Ndinatuluka ndikudziwa kuti ndaluza.

Patapita mwezi ndi theka uthenga unabwera. Ananditenga ine. Mercy anamuika wachiwiri, woti angapite ngati ine nditalephera. Ndiye kuti nkhani ija inabwereranso m'manja mwanga, ndipo ulendo uno inali yoonekeratu: ndikangolemba mzere umodzi wokana, iye akupita. A Mvula anandiitananso, koma sindinapite msanga. Ndinakwera minibasi ya ku Kapichila kuti Mercy amve kwa ine. Ndinamupeza akufufuta bolodi ana ataweruka.

"Ndamva kale, amayi," anatero osatembenuka. "Zabwino zonse."

"Ndikupita, Mercy. Ndafuna ndikuuze ndekha. Chaka chamawa udzafunsirenso, ndidzakuthandiza ndili komweko."

"Chaka chamawa," anatero, n'kupitiriza kufufuta pamalo poyera kale.

Zotsatira zake

Za ku France ndidzalemba m'mutu wakewake, chifukwa n'zambiri. Pano ndingonena kuti ndinali wamkulu kuposa ena mwa aphunzitsi anga, kuti chisanu chinandilowa m'mawondo, ndipo kuti ndinamaliza. Nditabwerako ndinaphunzitsa zaka zotsalazo, ndipo pa holide ankandiitana kukaphunzitsa aphunzitsi anzanga m'zigawo zina mmene angathandizire ana pa katchulidwe ka mawu. Ntchito imeneyo ndikuichitabe mwa apo ndi apo ngakhale ndinapuma.

Chaka chamawa chija sichinabwere. Bungwelo linasintha ndondomeko zake, ndipo malo a chigawo chathu anathetsedwa. Ndinamulembera Mercy kangapo ndili kunja, ndikumutumizira maina a mayunivesite ena, koma mayankho ake anali a mzere umodzi. Pamene ndinkabwerera anali atasiya uphunzitsi. Anapeza ntchito ku Chipata pa kampani ya malole, yomasulira pakati pa mabwana ndi madalaivala a ku Congo. Pa sukulu ya ku Kapichila sanatumizeko wina, ndipo Chifalansa chinathera pomwepo. Zimenezi ndikuzilemba kuti mudziwe mtengo wake wonse. Anthu ena mpaka lero amati ndinadya za mwana. Ine ndikabwerera pa tsiku lija ndikuona kuti ndingasankhe chimodzimodzi, koma sindinganene kuti palibe amene anapwetekedwa.

Kwa zaka zingapo sanaponde pakhomo pathu. Anabwera pa maliro a bambo anu. Inu munali otanganidwa ndi alendo, mwina simunaone bwino. Sanakhale m'nyumba ndi ine. Anamanga chitenje n'kupita kumoto, ndipo masiku onse a maliro anali pa mapoto ndi amayi a kutchalitchi, kutunga madzi ndi kutsuka mbale ngati mwana wa pakhomo. Anthu atabalalika anabwera kudzatsazika, ndipo ndinamuperekeza ku siteji ya minibasi. Tili m'njira anayamba kukamba za bambo anu.

"Adada anandiimbirapo foni muli ku France," anatero. "Ankangofunsa ngati ndadya."

"Sanandiuze."

"Ndinakwiya nanu kwambiri, amayi. Sindinganame kuti zonse zinatha."

"Sindikukupempha kuti uname."

Tinafika pa siteji. Kondakitala ankaitanira anthu a ku Chipata, koma minibasi inali isanadzaze. Mercy anaika chikwama pa mpando kuti asunge malo, n'kutsikanso.

"Mwana wanga woyamba, Wezi, akukhala kwa alamu anga kuno ku boma. Wayamba sekondale, koma pa sukulu yake palibe Chifalansa. Ine ndimamuona kamodzi pa mwezi, ndiye sindingathe. Kodi Loweruka angamabwere kwanu?"

"Azibwera. Koma umuuze kuti sindilola kuchedwa."

"Ndamuuza kale," anatero, n'kukwera.

Wezi amabwera Loweruka lililonse m'mawa pa njinga ya alamu a mayi ake. Timakhala pa tebulo la bambo anu, pamene ankalembera za alimi. Ndi mwana wolongolola, wosafanana ndi mayi ake, ndipo galamala amadana nayo. Mwezi watha anandiuza kuti mayi ake amamuimbira foni madzulo a Loweruka kuti abwereze zonse zimene taphunzira, ndipo pena amamukonza.

"Akuti inu mumatchula mwachikale," anatero.

Ndinamuuza kuti akawauze mayi akewo abwere adzandikonze okha.